Musamamunyoze Areola chifukwa choyendayenda

Anzanga okonda mpira, pali mawu amene amandipweteka ndikamamva anthu akukamba za Alphonse Areola. Amati ndi goloboyi wapabenchi, wosakhazikika, wongotola mamendulo a anzake. Ine ndikukana.

Pagolo pamaima munthu mmodzi. Wosewera kutsogolo akhoza kulowa mphindi khumi zomaliza, kumwetsa chigoli, dzina lake n'kumveka. Goloboyi wachiwiri sizitero. Amatha miyezi atavala jekete, akuonerera ngati ife tomwe. Ndiye mnyamata amene wakulira ku Paris Saint-Germain, timu yomwe imangogula aliyense amene yamufuna, mumafuna atani?

Areola anabadwira ku Paris mu 1993, makolo ake ndi ochokera ku Philippines. Mu 2013 anatenga chikho cha dziko lonse cha osapitirira zaka 20 ndi France, ndipo pa fainolo yolimbana ndi Uruguay anagwira mapenate awiri. Ngakhale zinali choncho, kwawo malo kunalibe. Anapita pangongole ku Lens, kenako Bastia, kenako Villarreal ku Spain, komwe timuyo inathera pa nambala 4 mu ligi n'kufika semifainolo ya Europa League mu 2016. Atabwerera ku Paris anayamba kulimbirana golo ndi Kevin Trapp. Atangoti wapeza pokhala, akuluakulu anabweretsa goloboyi wina, Gianluigi Buffon. Chaka chotsatira anabweretsa Keylor Navas, iye n'kumutumiza ku Real Madrid kukakhala kumbuyo kwa Thibaut Courtois.

N'zoona, mendulo ya World Cup ya 2018 anailandira osaponda m'bwalo, chifukwa golo inali ya Hugo Lloris. Koma onani zimene anachita atangopatsidwa mpata mu September chaka chomwecho ku Munich: Germany inamuwombera mipira yoopsa, iye n'kuikana yonse, masewero n'kutha 0-0. Tsiku loyamba kusewerera timu yaikulu ya dziko lake limenelo!

Chimene chimandipangitsa kumulemekeza kwambiri ndi cha 2020. Munthu wangotenga kumene La Liga ndi Madrid, n'kuvomera kupita ku Fulham, timu yomwe inali itangolowa kumene mu Premier League. Ankadziwa kuti kumeneko mipira idzamugwera ngati matalala, koma ankafuna kusewera. Sabata ndi sabata ankadziponya, kutuluka kukalanda mipira yam'mwamba pakati pa zigongono za anthu, kukalipira otchinga kumbuyo ake. Fulham inatuluka mu ligi, inde, koma iye ndi amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa timuyo chaka chimenecho. Kwa ine chaka cha ku Fulham chimalemera kuposa mendulo ya ku Madrid.

Ku West Ham nako anapeza Lukasz Fabianski atakhazikika kale. Sanachite matama. Anatenga masewero a zikho amene mphunzitsi David Moyes ankamupatsa, ndipo mu June 2023 ku Prague ndi iye amene anali pagolo pomwe anagonjetsa Fiorentina 2-1 n'kutenga Conference League, chikho chachikulu choyamba cha timuyo chichokereni 1980. Chimenecho palibe anganene kuti anangotola. Nyengo yotsatira golo ya mu ligi inakhala yake.

Amene mukuti analibe mtima wolimbirana malo ku Paris, ndiuzeni: akanakhala komweko kudikira kuti Navas avulale, bwenzi lero tikumutchula n'komwe?