Tatjana sanangotulukira ku Tokyo ayi

A mtolankhani, apa mwalemba kuti Tatjana Schoenmaker, katswiri wosambira wa ku South Africa, anangotulukira mwadzidzidzi pa Olympics ya ku Tokyo ine ndakana ndithu. Mayi ameneyu mu 2016 anaphonya ulendo wa ku Olympics ya ku Rio ndi kachidutswa chabe ka sekondi, ena akanangosiyira pompo, koma iye anabwerera m'madzi ndi kochi wake Rocco Meiring ku Pretoria, pofika 2018 n'kukatenga golide ziwiri ku Commonwealth Games ku Gold Coast, 100m ndi 200m zonse za breaststroke (kasambiridwe kokankha miyendo ngati chule). Ndiye nthawi ija ya 2:18.95 pa 200m yomwe anaphwanya nayo rekodi ya dziko lonse ku Tokyo mu 2021 ndi thukuta la zaka zambiri osati mwayi.

Komanso bwanji simunatchule Penny Heyns? Ku Atlanta mu 1996 anawina mipikisano yonse iwiri ya breaststroke, kuchokera pamenepo azimayi osambira a ku South Africa anadikira zaka 25 kuti aonenso golide wa Olympics.

Inu amene mukuti wapuma msanga pa zaka 27, kasambiridwe kameneka sikamasewera abale, miyendo imakankha ngati ya chule tsiku ndi tsiku ndipo maondo ndi amene amavutika kwambiri, ukangogunda khoma ndi dzanja limodzi m'malo mwa onse awiri nthawi imodzi basi akuchotsa mumpikisano. Ku Paris mu 2024, atakwatiwa n'kukhala Tatjana Smith, anatenganso golide pa 100m ndi siliva pa 200m. Mamendulo anayi a Olympics, awiri ku Tokyo awiri ku Paris, mumafuna akupatseninso chani?