Mchimwene wa mtsikana si amene ayenera kuvutitsa chibwenzi m'mabuku a hockey

Mabuku achikondi onena za osewera hockey ya pa ayezi achuluka, ndipo nkhani imodzi imangobwerabwera: mnyamata woopa kumangika pa mkazi mmodzi wagwa m'chikondi ndi mchemwali wa mnzake wa mu timu. Nkhaniyi ndi yabwino ndithu. Koma maganizo anga ndi akuti olemba ambiri amasenzetsa mtolo wonse mchimwene wa mtsikanayo, pomwe iyeyo ndiye chopinga chopepuka kuposa zonse.

Kwa ife kuno zimamveka, chifukwa kwa Achewa mchimwene ndi mwini mbumba, mawu ake pa ukwati wa mlongo wake amalemera. Ku Toronto kapena ku Boston sizili choncho. Mkazi wa zaka 26, wa ntchito yake ndi nyumba yake, sapempha chilolezo kwa munthu. Ukangolemba kuti mchimwene waletsa, owerenga amadziwa kuti nkhaniyo itha ndi foni imodzi. Ndipo zoterezi zimachitika osaphana: Darcy Tucker anakwatira mlongo wa Shayne Corson, ndipo awiriwa ankasewera limodzi pachilamu ku timu ya Toronto Maple Leafs.

Mantha enieni a mnyamatayu achokere mu ntchito yake. Wosewera wa ku Canada amachoka kwa makolo ali ndi zaka 16 kukasewera ligi ya achinyamata ngati OHL kapena WHL, n'kumakhala kwa banja lachilendo lomwe timu yamupezera. Ngakhale kumeneko amatha kumusinthanitsa ndi wosewera wina. Akafika mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ku Canada ndi ku America, sizoni imayamba cha mu Okutobala kufika Epulo, magemu oposa 80, theka lake koyenda. Akapanda kuchita bwino amatsitsidwa ku AHL, ligi ya pansi pa NHL, mzinda wina. Akachita bwino, timu ikhoza kumugulitsabe. Wayne Gretzky weniweniyo, katswiri wotchuka kwambiri wa hockey, anachotsedwa ku Edmonton kupita ku Los Angeles mu 1988. Ndiye munthu woti wakhala zaka 10 chikwama chili chomangamanga, ukufuna alonjeze chiyani?

Apa pali kanthu kamene olemba ambiri amaphonya, ndi zaka za mnyamatayo. Mu NHL, ndime ya mu kontrakiti yoletsa timu kukugulitsa iwe usanavomere imagwira ntchito ukafika zaka 27 kapena ukasewera masizoni 7. Choncho ngati mnyamata wako ali ndi zaka 24, mantha ake ali ndi mutu: sadziwa komwe adzagone mwezi wamawa, ndipo sanama akamanena choncho. Koma ukamupatsa zaka 31, ukaputeni ndi kontrakiti yaitali, chifukwa chimenecho chagwa. Uyenera kumupezera china, mwina bondo lomwe likutha, mwina banja la makolo ake lomwe linasweka ndi moyo womwewu. Kungoti iye ndi wokonda akazi basi, icho si chifukwa, ndi ulesi wa wolemba.

Nanga mchimwene uja agwire ntchito yanji? Akhale mboni. Iyeyu wakwera ndege imodzi ndi mnzakeyo zaka zitatu, wagona hotela imodzi, waona mtsikana wina akutuluka m'chipinda mbandakucha nsapato zili m'manja. Akamakana, akhale akukana zimene anaona ndi maso ake. Ndipo ziwawa bwino ukawaika kuti azisewera pamodzi kumbuyo. Otchinga kumbuyo amalowa awiriawiri, amasewera masekondi 45 kapena kuchepera apo, n'kutuluka. Wina akathamangira kutsogolo amakhulupirira kuti mnzake watsalira, osacheuka n'komwe. Pakalowa bodza pakati pawo, zioneke pa ayezi: wina wazengereza pang'ono, chigoli chalowa, kochi wawasiyanitsa. Owerenga amva kupweteka popanda kuwauza.

Chinsinsi chisakhalitse. Timu imakhala ndi osewera mpaka 23 m'chipinda chimodzi chovalira, kuwonjezera apo pali okonza zida ndi azachipatala, ndipo akazi a osewerawo amachezerana. Chibwenzi chobisa sichingathe sizoni yonse. Ngati buku lili ndi mitu 30, mchimwene adziwe pofika mutu 15 kapena 17. Ukadikira mpaka mutu 27, zibakera, kupepesana ndi kukhululukirana zonse zimapanikizana m'masamba ochepa, nkhani n'kutha ngati nsima yosapsa. Ndewu yapo ikhale imodzi, yaifupi, pa nthawi yokonzekera gemu, ndipo mkwiyo wake ukhale wa kunamizidwa.

Koma cholakwika chachikulu chili pa mtsikanayo. Nthawi zambiri amangokhala mphoto yomwe amuna awiri akukanganirana. Chonsecho ndi iye amene amaudziwa moyo umenewu kuposa onse. Anakula akudzutsidwa 5 koloko m'mawa kuperekeza mchimwene wake kokaphunzira kusewera, atakhala pa benchi yozizira, homuweki ili pa miyendo. Ndalama za pakhomo zinkathera ku zida ndi maulendo a mwana mmodzi. Waona akazi a osewera akulongedza katundu okha, ana ali kumsana, mwamuna atanyamuka kale. Kunena zoona, woyenera kuopa kumangika ndi iyeyu. Mupatseni ntchito yomata mu mzindawo, kaya ndi nesi, kaya ali ndi shopu yake, yoti kuisiya kumupweteke. Mukamulemba ntchito yojambula zithunzi mu timu yomweyo, ndiye kuti moyo wake wonse mwaumangiriranso ku hockey, ndipo alibe choti ataye.

Tizinthu ting'onoting'ono tomwe timakwiyitsa odziwa masewerowa: gemu ili ndi zigawo zitatu za mphindi 20, kulibe hafu taimu. Kuti mutenge Stanley Cup, chikho cha NHL, mumapambana magemu 16 a mpikisano wa kumapeto kwa sizoni, ndipo nyengo imeneyo osewera sameta ndevu. Wochita ndewu amakhala panja mphindi 5.

Awiriwa akamasiyana chakumapeto kwa buku, chisakhale chifukwa cha meseji yomvedwa molakwika. Kalendala ya NHL inakupatsani kale tsiku: lomaliza kugulitsa osewera, chakumayambiriro kwa Malichi, 3 koloko masana nthawi ya ku New York. Foni ilire mnyamatayo ali m'khitchini mwa mtsikana, auzidwe kuti ndege yake ndi ya usiku womwewo ndipo mawa akusewera ku Vancouver. Pamenepo mpamene tione ngati anene mwachizolowezi kuti sizikanathekabe, kapena ayi. Ndipo chonde, asadzafunsire ukwati pa sikirini yaikulu ya mu bwalo, pamaso pa anthu zikwizikwi, poti mkazi sangakane bwino. Kontrakiti yatsopano ikabwera m'chilimwe, aiyike pa tebulo ndi kufunsa mtsikanayo kaye, asanaimbire womuyendetsera za makontrakiti.