Mlendo ali pa tchuthi, ine ndili pa ntchito

Lero ndinena, ofuna kundida andide. Ife okhala kunja, mawu akuti "mudzatiyendere" timangowataya ngati moni. Kenako tsiku lina uthenga umalowa pa WhatsApp: "Aise, tikiti ndagula, ndikufika pa 14." Nanga kubwerera liti? Zii. Iwe poopa kunenedwa kuti kunja kwakusintha, umayankha kuti "takulandirani", uku mumtima ukuwerenga masiku a tchuthi amene akutsalira.

Ndimakhala ku Berlin, ku Germany, ndipo alendo ndalandira ambiri. Ena akapita nyumba imachita kuzizira, ndimawasowa. Ndiye musaganize kuti ndine wouma mtima. Nkhani yanga ndi yakuti wobwerayo amakhala ali pa tchuthi pomwe womulandira ali pa ntchito, ndipo izi ziyenera kunenedwa poyera tikiti isanagulidwe. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sindikutsutsa. Koma mame a masabata atatu m'nyumba ya chipinda chimodzi, ogona pa sofa pomwe iwe umakhala ndi kompyuta m'mawa, imeneyo ndi mvula.

Lamulo la kuno limati wogwira ntchito masiku asanu pa sabata apatsidwe masiku a tchuthi osachepera 20 pachaka. Chaka china theka la masiku anga linathera kuonetsa anthu chipata chotchuka cha Brandenburg Gate. Chigawo cha khoma la Berlin chomwe amachitcha East Side Gallery ndi chotalika makilomita 1.3, ndipo ndachiyenda kambirimbiri moti ndimadziwiratu pomwe mlendo aime n'kunena kuti "tandijambula apa". Zoti khomalo linagwa pa 9 Novembala 1989 ndimazinena ngakhale kutulo.

Palinso za mapepala, zomwe anthu amaziona ngati zazing'ono. Wobwera ndi viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Germany, amaloledwa kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 aliwonse, ndipo amafunika inshuwalansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000. Akasowa umboni woti ali ndi ndalama zokwanira, amapempha iwe kuti usaine chikalata chotchedwa Verpflichtungserklärung. Dzina lake lokha likuopsa, ndipo mpake. Ukasaina, walonjeza boma kuti chilichonse chimene munthuyo angawononge, kaya kuchipatala kaya pomubweza kwawo, chili pamutu pako. Chimenechi ndimasainira anthu owerengeka, ndipo sindichita nazo manyazi. Komanso chonde, London sali mu Schengen. Wina anafika atakonza kale zoti Loweruka "tingodumphira" kumeneko, viza ya UK alibe.

Koma chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi maulendo a kumapeto kwa sabata. Munthu akayang'ana mapu a ku Ulaya amaona ngati mizinda yonse ili pakhomo. Mnzanga wina wa kusukulu anabwera mu Disembala ali ndi mndandanda pafoni: Dresden, Prague, ndipo "ngati nthawi ilola" Paris. Masiku awiri! Paris ndinakana, koma zinazo ndinalola, kulakwa kwanga. Tinanyamuka Loweruka m'mawa, maola awiri pa sitima kukafika ku Dresden. Tinathamanga kukaona tchalitchi cha Frauenkirche, kujambula, kubwerera ku siteshoni, maola enanso awiri ndi kanthu kupita ku Prague, m'dziko la Czech. Ndinaiwala chinthu chimodzi chomwe ndimachidziwa bwino: nyengo imeneyo dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana. Pofika pa mlatho wa Charles Bridge ku Prague kunali kutada, mphepo ikulowa m'mafupa, mnzanga atavala kajekete kopyapyala akunjenjemera mano gwagwagwa. Tinafuna kulowa penapake kuti tifundeko, n'kukumbukira kuti kumeneko ndalama yake ndi koruna, ife m'thumba muli mayuro okhaokha. "Aise, Ulaya wake ndi ameneyu?" Sindinamuyankhe.

Tinabwerera Lamlungu usiku, filiji ili mbee. Kuno masitolo Lamlungu amatseka, kupatula ochepa a m'masiteshoni akuluakulu, ndipo mzere wake umachita kukhota. Zochapa zinali mulu, koma ikakwana 10 koloko usiku phokoso saloleza, ndiye makina ochapira sungayatse pokhapokha ukufuna kudana ndi aneba. Lolemba m'mawa iye anagona mpaka 11. Ine 7 koloko ndinali pa siteshoni, maso ali psuu.

Pa masiku awiri aja, nthawi imene tinacheza ngati anthu odziwana kuyambira ubwana sinakwane ola. Yonse inathera kuyang'ana bolodi la sitima.

Za ndege zotchipa ndingonena mwachidule. Werengani dzina la bwalo lomwe mukatere. Tikiti ikhoza kulembedwa Paris koma n'kukakutsitsani ku Beauvais, makilomita oposa 80 kuchoka mumzinda. Bwalo la Hahn, lomwe pa tikiti amalemba Frankfurt Hahn, lili kutali ndi Frankfurt makilomita oposa 100. Mukawonjezera basi ndi ndalama ya chikwama, kutchipa kuja kwathawa, ndipo theka la Loweruka lapita.

Pano ndimachita mosiyana. Ulendo umodzi pa sabata, malo amodzi, ndipo Lamlungu masana tikhale tafika kunyumba. Mnzanga yemweyo atabweranso nyengo yotentha, ndinangomutengera ku Potsdam. Ndi pafupi, sitima ya S7 imakufikitsa ola lisanathe. Tinayenda pang'onopang'ono m'munda wa nyumba yachifumu ya Sanssouci, miyendo itatopa tinakhala pa benchi. Dzuwa nthawi imeneyo limalowa 9 koloko itadutsa, ndiye panalibe chotithamangitsa. Pa benchi pomwepo ndi pomwe anandiuza kuti ntchito inamuthera miyezi inayi yapitayo ndipo kunyumba sanauze aliyense. Pa ulendo ngati wa ku Prague uja, nkhani yotere akanandiuza nthawi yanji?

Masiku a pakati pa sabata, mlendo ndimamupatsa kiyi wapadera, kumuthandiza kugula tikiti ya sitima ndi mabasi, kumulembera adiresi papepala kuopa foni ingathe moto, basi. Aziyenda yekha, ndi wamkulu. Ndimangomuchenjeza kuti nyumba zambiri zosungiramo zakale Lolemba zimatseka, ndiponso kuti kukwera pa denga lagalasi la Reichstag, nyumba ya malamulo, ndi kwaulere koma umayenera kulembetsa pasadakhale ndi kutenga pasipoti. Ambiri amabwera madzulo ali ndi nkhani zambiri kuposa akanakhala ndi ine, chifukwa asochera, afunsa anthu, apeza okha njira.

Ndipo inu obwera, kufunsa kuti "masiku ati angakukomereni?" sikuchotsa ulemu wanu. Kutsuka mbale tsiku limodzi sikuthyola dzanja. Mukaona wokulandirani akuyasamula 9 koloko, musayambe nkhani ya anzathu onse a Fomu 4 mmodzimmodzi.

Wotsatira akufika mu Juni, ndi mchemwali wa mnzanga. Ndawauza kale kuti, "Achemwali, Loweruka ndi lanu, Lamlungu theka, koma Lolemba mpaka Lachisanu muziyenda nokha, ndipo munditumizire tikiti yobwerera ndione tsiku." Ayankha ndi tizithunzi toseka titatu. Tikitiyo sanatumizebe.