Anachira Covid koma mutu sunabwerere mmalo

Zomwe mwalembazi zoti ena akachira Covid amatsala ndi vuto la kuiwala ndi nkhawa ndi zoona ndithu. Mayi anga aang'ono ku Chinamwali anadwala mu 2021 muja, chifuwa chinatha koma mpaka lero amaiwala ndiwo pamoto zimapserera, tulo sapeza, mtima umangothamanga, kumsika chenji amachita kuwerenga kawiri pomwe kale masamu anali a pamutu. Ena ayamba kale zoti anawalodza, ena akuti ndi ulesi, zimandiwawa kwambiri. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati zizindikiro zikapitilira miyezi 3 chidwalireni imeneyo ndi long Covid. Ife tikufuna tiwaperekeze ku Zomba Mental koma akukana akuti anthu aziti apenga, abale amene munadutsamo munawanyengelera bwanji anu?