Khungu la mwana wanga si munda woyeserapo mbewu

Anthuni, lero mundilole ndilankhule, chifukwa ndikapanda kutero ndiphulika.

Loweruka ndinapita ku maliro ku Lunzu. Mwana wanga wa zaka zitatu, yemwe ali ndi chikanga, vuto lija la khungu louma ndi loyabwa, ndinamusiya kwa alamu anga ku Chilomoni, pamodzi ndi kachikwama kake momwe munali zovala, botolo la Vaseline ndi kachubu ka hydrocortisone komwe anatipatsa kuchipatala. Ndinafotokoza zonse bwinobwino ngati ndikuphunzitsa mwana wa sitandade 1. Kum'sambitsa ndi madzi ofunda pang'ono, osam'khula, kum'paka Vaseline thupi lisanaumiretu, basi. Pobwerera madzulo, kulira ndinakumvera ndikadali pamsewu. Kulowa m'nyumba, fungo la adyo lili guu. Mwana ali pamkeka akudzigudubuza, kuseri kwa mawondo ndi m'kati mwa zigongono muli matuza. Alamu ali phee pampando, akumwetulira ngati apambana mpikisano. "Alamu, musade nkhawa, mwanayu ndam'thandiza. Zakuchipatalazi zikuchedwa. Ndasinja adyo, ndafinyiramo mandimu, kenako ndam'paka mafuta awa ndinagula mu minibasi. Mwana wa aneba anachira nawo sabata imodzi yokha."

Botolo lake kuliona! Lopanda dzina, lopanda tsiku, lopanda chilichonse cholembedwa. Botolo lakale la mankhwala a chifuwa lomwe wina anangotsuka n'kuthiramo zoyerayera. Ndinawafunsa kuti alamu, muli chiyani umu? Akuti, "Aaa, ndi achilengedwe." Achilengedwe ati? Mtengo wake uti? Anakonza ndani? Zii.

Ndiye ndikuti, khungu la mwana wanga si munda woyeserapo mbewu. Si dimba loti aliyense wodutsa aponyepo zomwe wamva pa WhatsApp kuti aone ngati zimera. Mukufuna kuyesa adyo? Muli ndi khungu lanu, lalikulu bwino, yesani pamenepo. Mukufuna kudziwa mphamvu ya mafuta a mu minibasi? Pakani pankhope panu, mudzatiuze mwezi wamawa.

Usiku wa Loweruka umenewo sitinagone. Lamulungu m'mawa, anthu akupita ku tchalitchi, ife tili pamzere kuchipatala. Adokotala atangoyang'ana anafunsa kuti, "Mayi, mwanayu wapsa ndi chiyani?" Iwo ankaona kupsa, poti adyo wosinja amawotcha ngakhale khungu la munthu wamkulu wabwinobwino, nanji lanthete la mwana lomwe linali long'ambika kale ndi kukanda. Mandimu nawo ndi asidi, ndiye tangoganizani kuthira asidi pachilonda. Za botolo lija anangopukusa mutu. Anati mafuta ambiri ogulitsidwa mobisa chonchi, makamaka aja oyeretsa khungu, amakhala ndi mankhwala amphamvu kwambiri monga clobetasol kapena betamethasone. Ukapaka, masiku atatu khungu lili see, aliyense n'kumawomba m'manja kuti tapeza mankhwala. Ukapitiriza, khungu la mwana limapyapyala, limatuwa, limachita mizere, ndipo mankhwalawo amalowerera mpaka m'thupi chifukwa khungu la mwana ndi lopyapyala kale. Ukangosiya, chikanga chimabwerera ndi ukali woposa poyamba. Mwana wa aneba uja amene akuti anachira sabata imodzi, ndikufuna ndidzamuone ikatha miyezi itatu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amadzuka 2 koloko usiku kugwira timanja ta mwana kuti asadzikande mpaka magazi ndine. Amene amachapa mashiti a magazi ndine. Amene amawenga tizikhadabo take kawiri pa sabata, n'kumuveka masokosi m'manja pogona, ndine. Inu mumangofika, kupaka zanu, n'kumapita kukagona tulo tabwino. Ndiye mundiuze, ndani ali ndi mphamvu yonena chimene chipakidwe pathupi la mwanayu?

Chiyambireni vutoli ali ndi miyezi inayi, pamene masaya ake anayamba kuuma n'kumachita timamba, ndalandira malangizo okwana kudzaza basi ya ku Mzuzu. Mu minibasi ya ku Ndirande mayi wina, sindikum'dziwa n'komwe, anagwira mkono wa mwana wanga osapempha n'kunena kuti ndim'pake phulusa la mbaula. Kumsika wa Limbe wina anati oyilo wa galimoto wakuda uja amapha zonse. Oyilo wa galimoto, anthuni, pa mwana! Ku tchalitchi ena akuti ndim'sambitse ndi madzi a mchere wambiri, ena Jik wosasungunula, ena mankhwala otsukira mano. Agogo ena anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndifufuze bwino mayendedwe a bambo ake, mwina ndi tsempho. Wina anafika pondifunsa ngati tinayezetsa magazi, maso ali pa ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Aliyense ndi dokotala, aliyense ali ndi mwana wa msuweni wake amene anachira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayamba wafunsa kuti, kodi mayi, kuchipatala anakuuzani chiyani?

Chikanga si mphere. Si zipere. Sichichokera ku uve ndipo sichipatsirana, mwana wanu akhoza kugona mphasa imodzi ndi wanga chaka chathunthu osatenga kanthu. Ndi khungu lobadwa louma, losasunga chinyezi, ndipo chimayenda m'magazi m'mabanja momwe muli mphumu ndi chimfine cha fumbi chija. Bambo ake ali ndi mphumu, nkhani yathera pomwepo. Palibe wam'lodza.

Tsono musandimve molakwa kuti ndine uja wonyoza zakumudzi, wongokhulupirira zachizungu. Ayi. Ndinakulira kwa agogo ine, ndamwa zowawa zambiri ndipo zina zinandithandiza. Ngakhale panopa chisamaliro cha mwanayu chambiri sichichokera m'kachubu ka kuchipatala, chimachokera m'manja mwangamu. Ndimam'sambitsa kamodzi patsiku, mphindi zisanu kapena khumi, madzi ofunda pang'ono osati otentha, chifukwa otentha amaumitsa khungu n'kuwonjezera kuyabwa. Sopo wonunkhira ndinasiya, sopo wa mankhwala uja amene anthu amati amapha majeremusi ndinasiya, chinkhupule ndi mwala wokhulira sizim'yandikira. Pom'pukuta ndimangogunditsa thaulo, kenako Vaseline thupi lonse nthawi yomweyo chinyezi chisanathawe, ndipo masana ndi madzulo ndimabwerezanso. Zovala ndi za thonje zokhazokha. Majuzi aubweya a pa kaunjika aja, ngakhale akongole bwanji, akakhudza khungu lake usiku umenewo tiiwale tulo, ndiye mu June ndi July chiperoni chikavuta ndimayamba ndam'veka malaya a thonje m'kati. Zochapa ndimatsukuluza kawiri kuti sopo wa ufa asatsalire, ngakhale masiku amene pampopi pauma ndipo madzi tikuchita kugula a m'zigubu.

Mafuta a kokonati enieni ndimagwiritsa ntchito. Ndinayamba ndafunsa kuchipatala, anandilola, n'kundiuza kuti ndiyese kaye pakamalo kakang'ono pamkono ndidikire masiku awiri. A mpendadzuwa nawonso anati alibe vuto. Koma a olivi, amene anthu amawatama kuti ndi odalitsika, anandiletsa chifukwa amafooketsa khungu louma kale. Ngakhale aqueous cream amene tonse tinakula tikuona m'nyumba, anandiuza kuti ndisambitsire m'malo mwa sopo n'kutsukuluza, ndisamusiye pathupi, poti ana ena amawayabwa. Mwaona kusiyana kwake? Chilichonse chimene chimafika pakhungu la mwanayu ndimachidziwa dzina, ndimadziwa chochokera, ndinafunsa, ndinayesa pang'ono. Zapakhomo ndi zakuchipatala zimayendera limodzi bwinobwino m'nyumba mwanga. Chimene ndikukana ndi botolo lopanda dzina m'manja mwa munthu amene sanandifunse.

Ndipo inu amene mumandiopseza kuti hydrocortisone awononga mwana, mukhale pansi. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo amene amaopa kachubu kolembedwa 1%, kopatsidwa ndi dokotala, kokhala ndi malangizo oti upake pang'ono pamalo poyabwa pokha kwa masiku owerengeka, ndi omwewonso amathamangira botolo la mu minibasi lomwe mwina muli mankhwala a mtundu womwewo koma amphamvu kuwirikiza kambirimbiri. Kuthawa mvula n'kukagwera mu mtsinje wa Mudi. Chikanga chikayaka, Vaseline yekha sazimitsa moto, pamafunika mankhwala aja, ndipo motowo ukazima timabwerera ku mafuta athu a tsiku ndi tsiku. Mawanga otuwa kapena akuda amene amatsala pakhungu lathu lakudali chikanga chikapola, amene mumaloza n'kumati "mwaona mankhwala achizungu", nthawi zambiri ndi chipsera cha kutupa komweko, ndipo amazimirira okha pakapita miyezi.

Nkhani ya zakudya ndiye musandiyambe. Musam'patse mazira. Musam'patse mkaka. Usipa ayi, nsinjiro ayi, nyemba ayi, nyama ya nkhumba ayi, mango ayi. Nditamvera aliyense, mwanayu bwenzi akudya nsima ndi mchere basi. M'dziko muno momwe ana oposa mmodzi mwa atatu aliwonse ndi opinimbira chifukwa chosowa zakudya zoyenera, inu mukufuna ndim'lande dzira chifukwa azakhali anu analota? Alipo ana ena amene chakudya china chimawavutadi, akangodya milomo kutupa, zidzolo thupi lonse, kusanza. Zimenezo zimaoneka msanga ndipo n'zokakambirana ndi adokotala. Koma kumana mwana zakudya zisanu ndi ziwiri mongoganizira ndi kuyesanso komweko, kungoti tsopano mukuyesera m'mimba mwake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Matendawa alibe mankhwala a sabata imodzi, ndipo aliyense wokuuzani kuti ali nawo akufuna ndalama zanu. Chimabwera, chimapita. Mu October kukatentha, thukuta ndi fumbi la Blantyre zimachidzutsa. Kukazizira mphepo youma imachidzutsanso. Utsi wa mbaula nawo suthandiza. Ana ambiri chimachepa akamakula, ena chimatheratu. Ntchito yanga ndi kusunga khungu limeneli lili lofewa ndi lathunthu kufikira tsiku limenelo, ndi kukhala tcheru. Ndikaona nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, mafinya, thupi kutentha, kapena timatuza tambirimbiri topweteka tobuka mwadzidzidzi, ndimadziwa kuti majeremusi alowa ndipo ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo, kaya pakiliniki yapafupi kaya ku Queens komwe kuli madokotala a khungu. Tsono mukabwera ndi adyo wanu n'kutsegula zilonda zatsopano, mwatsegulira majeremusi omwewo chitseko. Miyezi iwiri ndinavutika kuti kuseri kwa mawondo kuja kupole. Miyezi iwiri, yapita ndi masana amodzi.

Bambo ake akuti ndiugwire mtima, mlongo wawo anachita mwachikondi. Ndikudziwa. Ndikudziwa kuti alamu amam'konda mwanayu, ndipo Lolemba anabwera ndi nthochi, maso ali pansi. Koma chikondi chosafunsa chandiwotchera mwana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, inde, timatero, koma mwambiwu sunati ukam'peza um'pake chilichonse chimene chili m'chikwama mwako. Foni muli nayo. Mayunitsi a mphindi imodzi akanakwana kuti, "Alamu, ndili ndi mafuta awa, ndipake?" Ndikanati ayi, mwana bwenzi lero akusewera panja ndi anzake m'malo moyenda chotang'adza ndi mabandeji.

Amayi anzanga amene muli ndi ana a chikanga, lekani manyazi. Munthu akatambasula dzanja kuti apake mwana wanu zimene simukuzidziwa, gwirani dzanjalo, kaya ndi apongozi, kaya ndi amayi a busa, kaya ndi amayi anu okubalani. Adzakwiya, adzati ndinu amwano, adzati sukulu yakuwonongani. Asiyeni anene. Mkwiyo wawo utha Lachitatu, koma chipsera chikhala pa mwana wanu.

Ndipo poti ndayamba kale, nanunso a sukulu ya mkaka ina kuno kwathu, mukudzidziwa. Mwezi watha munandibwezera mwana pageti pamaso pa makolo onse, akuti "ayambe wachira kaye, angapatsire anzake". Ndinakubweretserani kalata ya kuchipatala yonena kuti sichipatsirana, munaiwerenga mondondoza ngati ndalemba ndekha, kenako ndinamva kuti mumam'khazika yekha pakona ndi kapu yakeyake yolembedwa chizindikiro. Mwana wa zaka zitatu anabwera kunyumba n'kundifunsa kuti, "Amami, ine ndine wauve?" Koma fizi ya teremu yonse munalandira ndi manja awiri, imeneyo simunaope kuti ikupatsirani chikanga.