Za galimoto yodzikiya yokha komanso chidani pa Ayuda

Achimwene, mwafunsa za galimoto yanu imene ikumadzikiya yokha. Galimoto yanuyo siinawonongeke ayi. Magalimoto ambiri mukatsegula ndi rimoti koma osatsegula chitseko chilichonse, pakapita kanthawi amadzikiyanso okha. Vuto limabwera kaswichi ka pachitseko kakafa: galimoto imaona ngati simunatsegule, ndiye imakiya makiyi ali pampando, inu muli panja kukanda mutu. Rimoti ikamavuta, yambani mwasintha kabatire kake musanathamangire kwa makaniko.

Koma zomwe mwatchula kumapeto zija, za chidani pa Ayuda, ndiye zikundidetsa nkhawa kwambiri. Ku Britain bungwe la CST, loona za chitetezo cha Ayuda, linalandira madandaulo okhudza chidanichi oposa 4,000 m'chaka cha 2023 chokha, ambiri mwa iwo pambuyo pa 7 October, tsiku limene gulu la Hamas la ku Gaza linaukira Israel. Ndipo sizinayambe pamenepo. Mu 2018 anthu 11 anaphedwa m'sunagoge ku Pittsburgh, America. Ku Halle, Germany, mu 2019, wamfuti analephera kulowa m'sunagoge tsiku lopatulika la Ayuda la Yom Kippur chifukwa chitseko chinali chokhoma, ndiye anakapha anthu awiri ena pafupi pomwepo.

Boma la Israel mungalidzudzule mmene mungafunire, ambiri akutero. Nanga mwana wachiyuda amene akutukwanidwa popita kusukulu ku London walakwa chiyani? Si iye amene amatumiza asilikali ku Gaza.