Nanga chimayamba n'chiti, tulo kapena maganizo?

Alembi, mwati akuluakulu akumudzi amene sagona maola okwana 7 ndi amene amadwala kwambiri matenda ovutika maganizo. Sindikutsutsa, koma nthawi zina maganizowo ndi amene amayamba, tulo n'kuthawa pambuyo. Bambo atamwalira, mayi anga ankalowa m'nyumba 8 koloko, koma ikamati 2 koloko usiku ali tsonga pamphasa, kuwerengera matumba a chimanga otsala. Ife tinkangoti ndi ukalamba. Kuchipatala ndi kumene anatiuza, mochedwa ndithu, kuti kudzuka tambala asanalire n'kulephera kugonanso ndi chizindikiro cha matendawa. Ndiye mu Febuluwale, m'mimba muli pululu, udzudzu uli m'khutu, maola 7 amenewo munthu awatenga kuti? Inu ena amene mumanena kuti "azingogona msanga", munagonapo ndi njala?